Zala za Abambo Anu pa Felemu la Chitseko

Gelesi, Yohane ndi iwe Lute, munandigulira kope ili kuti ndilembemo za ntchito yanga ya kuchipatala, ati adzukulu adzawerenge. Ndathokoza, Mulungu akudalitseni. Za ubwana wanga ndizisiya, mulibe chachilendo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndiye mukapeza zilembo zopotoka mundikhululukire. Chachikulu chimene ndikufuna mudziwe ndi mmene abambo anu anatulukira m'nyumba muno. Inu munali ana, ndipo ine sindinakuuzenipo zoona zake zonse.

1972, ku Thambani

Ntchito anandipezera ndi abusa athu, atamva kuti kachipatala ka ku Thambani kakufuna mtsikana wothandiza mu wodi. Ndinapita pa lole yonyamula chimanga, katundu wanga ali bulangete, ndowa ndi Baibulo. Ntchito yake inali kukolopa, kuchapa nsalu za pabedi, kuwiritsa majakisoni pambaula, kutaya za m'mabeseni, ndi kutembenuza odwala amene sankatha kudzitembenuza okha. Bwana wanga anali a Sisita Kaliza, mayi wamfupi wosaseka wamba, koma wa manja ofewa. Ndimawathokozabe mpaka lero chifukwa anandiphunzitsa ngati mwana wawo. Anandiphunzitsa kunyowetsa milomo ya munthu amene sakumezanso, ndi kathonje koviika m'madzi. Anandiphunzitsanso kumasula dzanja la wodwala akagwira chitsulo cha bedi ndi mantha. Ankati usamakoke, umupweteka, uzidina pang'ono apa pamfundo ya dzanja, kenako uyambire chala chaching'ono, zinazo zimatsatira zokha. Ndinafika pochidziwa chimenechi kuposa anzanga onse, moti wodwala akakanirira pabedi ankaitana ine.

Lamulo lawo lalikulu linali lakuti wodwala sauzidwa kuti akupita. Kaya maso alowa, kaya mapazi azizira, iwe uziti, mupeza bwino. Sindinaone chovuta pamenepo, pakuti ndi mmenenso tinakulira. Kwathu kuno kutchula imfa munthu ali moyo ndi kulaula, ndi ngati waiitana. Komanso zaka zimenezo aliyense anali wosunga pakamwa. Khadi la chipani linkakhala m'thumba la yunifomu, ndipo zimene waona kapena kumva unkapita nazo kukagona. Choncho kukhala chete kunali ntchito, kunali mwambo, kunalinso chitetezo.

Abambo anu ndinawadziwira komweko. Anali telala, ndipo anabwera singano ya makina itawalowa m'chala. Ndikuwatsuka bala anandiyang'ana n'kunena kuti yunifomu yangayo anasoka ndi munthu wodana nane. Patapita sabata anaitenga kukaikonza. Tinakwatirana mu 1974.

1979, pa Boma

Chaka chimenechi anandisamutsira kuchipatala cha pa Boma, kufupi ndi kwathu. Amayi anga anatipatsa malo, ndipo abambo anu, monga mkamwini, anamanga nyumba inoyi. Njerwa anaumba okha. Felemu la chitseko ndi la mlombwa, anabwera nalo panjinga kuchokera ku Thambani, ulendo wa tsiku lathunthu, akukankha m'zitunda. Kuseri anadzala mitengo ya manachesi isanu ndi inayi. Ankaithirira m'mawa asanapite kuntchito, ndipo ankaiwerenga ngati ingathawe.

Makina awo anawaika pakhonde la sitolo ya a Che Jafali, bambo wachisilamu wogulitsa nsalu. Anthu awiriwa ankangokhalira kunyozana, wina akuti telala wakuba zidutswa, wina akuti wasitolo wa mita yaifupi. Tsiku lina mu 1985 abambo anu anabwera kunyumba ndi nkhani. Anati a Che Jafali atsitsa mpukutu wa nsalu yoyera, agona pabenchi, n'kuwauza kuti awayeze ndi kuwadulira nsalu yodzawaikira m'manda. Kenako aitana ana awo aamuna ndi mng'ono wawo, n'kuwauza kuti matenda awo a mtima akadzakula asadzawayendetse m'zipatala, adzawasiye m'chipinda chawo, wowawerengera mawu a Mulungu ali pambali. Atatha anakatsegula sitolo n'kumagulitsa monga mwa masiku onse. Ine ndinati zimenezo ndi za chipembedzo chawo, ife sititero. Abambo anu anangoti, koma munthu uja wagona tulo tabwino lero. Chaka chotsatira a Che Jafali anamwalira m'chipinda chomwecho, ndipo panalibe mkangano.

Nthawi imeneyo nkhondo ya kutsidya kwa malire, ku Mozambique, inali itakula, anthu akulowa kuchokera ku Zobue ndi ana kumsana, mapazi otupa. Chipatala chinadzaza mpaka pansi pa mabedi. Sopo tinkadula tizidutswa. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe kuti tivalenso mawa. Wotiyang'anira anali adokotala a Mwale, munthu wofatsa amene ankayenda ndi nsapato zong'ambika ndipo sankadya masana. Ndinaona anthu ambiri akutsirizika pakati pa alendo, wina akuitana dzina limene palibe ankalidziwa. Onsewo ndinkawauza kuti mupeza bwino.

1987

Abambo anu anayamba ndi kudandaula kuti nyama ikuwakhala pachifuwa. Kenako mbatata. Pofika mwezi wa Okutobala ankangodya phala lamadzimadzi, nalonso nthawi zina linkabwerera. A Mwale atawayeza anandiitanira kuseri kwa wodi. Anati pakhosi pamera chotupa, ndipo mwa zimene aonapo, chotere sichibwerera m'mbuyo. Anati kuchipatala chachikulu ku Blantyre mwina angawaike paipi yodyera, koma kuchiza ayi. Anandiuza kuti mankhwala ochepetsa ululu, ochepa omwe analipowo, azindipatsa ndiziwamwetsera kunyumba. Ndinathokoza, ndinapukuta m'maso ndi epuloni, ndinabwerera kukakolopa. Abambo anu sindinawauze.

Sanafunenso kuuzidwa. Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, inu mutapita kwa agogo anu, anandiitana pakhonde.

"Amake Gelesi, siyani beseniyo mukhale pansi. Taonani lamba uyu, ndaboola mabowo atatu atsopano. Ine ndayeza anthu ambiri, ndimadziwa thupi likamatha. Kutauni musadzanditengere. Ndikufuna ndidzagone pakhonde pano, ndiziona mitengo yangayi, ana azidutsa, inu muzindinyowetsa milomo monga mumachitira ndi anthu a eni ake. Manda okha ndi kwathu, zimenezo sindingakanize. Koma tumizani mawu kwa achemwali anga ndi atsibweni, abwere ndiwauze ndekha pakamwa pakugwirabe ntchito."

Ine ndinati, "Musalaule, abambo a Gelesi. Mupeza bwino."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Amenewo ndi mawu a kuntchito. Ine si wa pabedi nambala folo."

Ana anga, abambo anu ankadziwa chimene ankapempha. Mwamuna akadwala kwambiri, mawu omaliza si a mkazi. Ndi a eni munthu, akuchimuna. Eni ake anali azakhali anu a Nambewe ndi atsibweni awo a Filipo, onse ku Thambani. Chimene ine ndamva ndekha pakhonde sichikanalemera kanthu pamaso pawo. Chinafunika chituluke pakamwa pa mwini wake, iwo akumva. Ntchito yanga inali yaing'ono, kungotuma munthu. Malole a ku Thambani ankaima pamsika tsiku ndi tsiku, ndipo madalaivala ake ndinkawadziwa.

Sindinatume. Ndinkaopa kuti akafika n'kumva kuti ndawaitanira za imfa, mbale wawo akuyendabe ndi miyendo yake, adzati mkaziyu akudziwapo kanthu, wafulumira bwanji. Ndinaonapo akazi amasiye akulozedwa zala chifukwa cha zochepa kuposa pamenepo. Komanso ndinkaona ngati ndikatuma ndiye kuti ndavomera, ndipo Mulungu aona kuti ndasiya kukhulupirira. Ndinasala kudya Lachitatu lililonse. Amayi a kumpingo ankabwera kudzapemphera, tonse tikupempha machiritso, palibe anapempha kuti munthuyu apite mwamtendere. Abambo anu anandikumbutsa pa Khirisimasi, ndinati mvula ikachepa, msewu wavuta. Anandikumbutsanso mu Febuluwale. Ulendo umenewu ndinanama. Ndinati ndatuma dalaivala wina, tingodikira. Anandikhulupirira. Masabata angapo ankakhala pakhonde kuyang'ana kunjira, galimoto ikamveka ankadzutsa mutu.

Mu Epulo mawu awo anazima. Poyamba ankanong'ona, kenako kunkangotuluka mpweya. Kulemba sankadziwa, kupatula manambala a miyezo amene ankalemba ndi choko pansalu. Apo mpamene ndinazindikira chimene ndachita, koma nthawi inali itapita.

Juni 1988

Azakhali anu anamva kwa anthu a pamsika kuti telala uja watha. Anafika Lachiwiri ndi atsibweni, manachesi ali psuu m'mitengo. Atawaona achimwene awo pamphasa, mafupa okhaokha, a Nambewe anakhala pansi n'kulira. Atatonthola anandifunsa kuti chifukwa chiyani sindinatumize mawu miyezi yonseyi. Atsibweni anati palibe zokambirana, munthuyu apite ku Blantyre.

Pamenepo ndinalimba mtima n'kunena kuti abambo anu anakana okha za kutauni, anati akufuna kukhala pakhomo pano. A Nambewe anatembenukira kwa ine.

"Ananena kwa ndani, alamu?"

Ndinati kwa ine.

"Wina amene anamva?"

Ndinati palibe.

"Inu mumagwira ntchito kuchipatala. Anthu obwera a ku Mozambique mukuwasamala, koma mwamuna wanu mukumukaniza chipatala. Mwamubisa m'nyumba chaka chathunthu. Tiziti chiyani ife?"

Ndinagwada pafupi ndi abambo anu n'kuwapempha kuti aonetse okha. Anayesa. Anatsegula pakamwa, anakweza dzanja kuloza kumitengo, kenako chifuwa chinawagwira mpaka anatuluka misozi. Atsibweni anati mwaona, munthu akuvutika, akupempha thandizo. Aliyense anaona chimene ankafuna kuona.

Ndinali ndi usiku umodzi woganiza. Ndikanatha kukana. Kalata yotumizira wodwala ku Blantyre sikanalembedwa popanda ine kukaipempha, ndipo a Mwale akanandiikira kumbuyo. Koma ndikanakana, abambo anu n'kumwalira pakhonde pano, dzina langa likanakhala la mkazi amene anapha mwamuna wake, ndipo inu mukanakula nalo dzina limenelo. Ndisanamizirenso inu nokha ayi. Mumtima mwanga munalinso kamawu kakuti mwina kutauni kuli dokotala wina wodziwa zimene a Mwale sadziwa. Ndinapemphera, sindinamve yankho lililonse. Lachitatu ndinapita kukapempha kalata. A Mwale anagwira cholembera osalemba, n'kundifunsa kuti, mayi, mwaganiza bwino? Ndinati eni ake atero. Analemba.

Lachinayi m'mawa ambulansi inadzera kunyumba kuno, pondichitira ulemu ngati wantchito. Inu ndinali nditakutumizani kusukulu dala. Tinawanyamula pamatiresi, atsibweni ndi dalaivala kumutu, ine ndi a Nambewe kumiyendo. Abambo anu ankapepuka ngati mtolo wa udzu. Titafika pakhomo anatulutsa dzanja lamanja m'bulangete n'kugwira felemu. Munthu amene sankatha kunyamula kapu anagwira mlombwa uja moti tonse anayi tinaima. Atsibweni anayesa kukoka mkono, sizinatheke. Dalaivala anati mu galimoto muli odwala ena awiri, tichite changu. A Nambewe anati, "Alamu, inu ndi achipatala, tathandizani."

Ndinasiya matiresi, ndinapita kumutu. Abambo anu anandiyang'ana. Sanali maso aukali ayi, anali maso a munthu amene akuti, inu mukudziwa. Ndinadina pamfundo ya dzanja monga anandiphunzitsira a Sisita Kaliza. Ndinayambira chala chaching'ono. Zinazo zinatsatira zokha. Ndinabweza dzanjalo m'bulangete, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu aja, mupeza bwino. Anatseka maso. Sanawatsegulenso mpaka chitseko cha ambulansi chinatsekedwa.

Malo a wodikirira wodwala anali amodzi, ndipo anakwera ndi a Nambewe. Ine tchuthi sichinapezeke. Wodi ya ana inali itadzaza ndi chikuku, othandiza tinalipo atatu basi, ndipo sindingawanene akuluakulu kuti analakwa. Masiku asanu ndi anayi ndinanyowetsa milomo ya ana a eni ake. Loweruka la sabata yotsatira anandipatsa masiku awiri. Ndinathyola manachesi m'mitengo yawo, ndinati ndikawafinyire timadzi pa lilime, ndinakwera basi yoyamba.

A Nambewe ndinawapeza panja, pamalo pophikira odikirira odwala, mphasa atakulunga kale. Sanachite kunena. Abambo anu anali atamwalira dzulo lake masana. A Nambewe anati bedi silinapezeke, abambo anu anagona pamatiresi pansi, pakati pa mabedi awiri, moyang'ana khoma. Paipi ija madokotala anati thupi lafooka kwambiri, sangaike. Anangowapatsa dilipi, ndipo abambo anu anaizula kawiri, mpaka dzanja analimanga ndi bandeji kumwendo wa bedi la munthu wina. Pa ola limene anapita, a Nambewe anali pamzere wotunga madzi. Palibe amene anaona. Ndinafunsa bambo wa pabedi loyandikana ngati anamvapo kanthu, anati ayi mayi, amene uja sankayankhula. Manachesi aja ndinawasiya pomwepo, sindikudziwa anadya ndani.

Tinakawaika kwawo ku Thambani. Azakhali anu musawade, anagona pasimenti masiku onse aja chifukwa cha mlongo wawo. Titamwaza maliro anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, tili awiri. Anati m'chipatala muja, akawagwira dzanja lomangidwalo, ankaona kuti mwina ine ndinkanena zoona. Kenako anati, "Alamu, achimwene akanandiuza okha, ine ndikanamvera. Bwanji sanatiitane?"

Ndinati sindikudziwa. Limenelo linali bodza langa lachiwiri, ndipo a Nambewe anamwalira osamva zoona zake.

Zaka zotsatira

Ndinagwirabe ntchito zaka khumi, mpaka ndinapuma mu 1998. Anandipatsa wailesi ndi nsalu, ndinathokoza. Koma chichokereni abambo anu, wodwala akakanirira pabedi ndinkati aitane wina. Mawu akuti mupeza bwino ndinawasiya. Ndinkangokhala pambali n'kufunsa kuti pali amene mukufuna timuitane? Ambiri ankatchula dzina msangamsanga, ngati ankangodikira wofunsa. Ena ndinawathandiza. Sizinandipepukitse mtima. Abusa atatu osiyana andiuza kuti Mulungu anakhululuka kalekale, ndipo ndimakhulupirira, pakuti chifundo chake ndachiona pa inu, mwakula, mwaphunzira, mukundisamala. Koma amene ndinamulakwira ndi wina, ndipo iyeyo sindingamupezenso kuti ndipepese. Zaka zonsezi ndapempha kuti ndiwalote kamodzi kokha ali pakhonde. Sindinawalotepo.

Tsopano miyendo yanga yatupa, ndipo mapiritsi a mtima andiwonjezera kawiri chaka chino. Ndagwira ntchito imeneyi, ndikudziwa tanthauzo lake. Pa Khirisimasi, muli nonse pano, ndinayamba kunena za mmene ndikufunira. Iwe Gelesi unati, amayi musalaule. Yohane anatuluka kukayang'ana galimoto, Lute anakweza wailesi. Sindinakwiye. Ndinamva mawu anga omwe akundibwerera, ndipo ndinachita mantha kuposa tsiku limene adokotala anandiuza za mtimawu.

Ndiye ndalemba, poti ine kulemba ndimatha. Matenda akadzakula, kuchipatala cha pa Boma mungandipititse akandichepetsere ululu, koma mudzandibweze. Ku Blantyre ayi. Mapaipi ayi. Mudzandigoneke pakhonde, mbali yoona mitengo itatu imene yatsalayo. Amayi a kumpingo adzaimbe, koma asadzapemphere zoti ndidzuke, adzapemphere kuti ndipite bwino. Kathonje ndi kapu zili m'kabati, Lute ndinakuonetsa kale kachitidwe kake. Pepala lokha silikwanira, ndikudziwa. Atsibweni anu a Lukasi ndawatumira kale mawu, ndipo ulendo uno ndatumadi. Abwera Loweruka loyamba la mwezi wamawa pamodzi ndi mkulu wa mpingo. Inunso mubwere nonse atatu, mudzakhale pansi mpaka nditamaliza. Kaya mudzabwera, kaya mudzati ntchito yachuluka, sindikudziwa. Inenso ndinkati msewu wavuta.

Yohane, pamene unkakhoma malata atsopano unafuna kuchotsa felemu lija kuti uike lachitsulo, ndipo tinakangana mpaka unachoka osatsanzika. Unkati ndi thabwa chabe. Tsopano wadziwa. Lisiye pomwepo. Tsiku limenelo likadzafika, mawu anga atazima, mukadzaona ndagwira pamenepo, musadzaitane wodziwa kumasula zala. Mudzandibweze m'nyumba.